Nkhokwe ya Amasiye, Chaka cha Madzi

Adzukulu anga amati ndine nkhalamba yovuta. Amati ndikamagula mchere ndimapisa chala mpaka pansi pa mbale, ndipo munthu akandipatsa moni wautali ndimayamba kuyang'ana kumene kuli nkhuku zanga. Sakunama. Ndakhala choncho kuyambira pa utsikana, ndipo sindisintha lero mano atatha. Koma chilipo chaka chimodzi chimene khalidwe limeneli linagwira ntchito ya Mulungu. Ndati ndichilembe maso asanachite mdima, poti ena akamachisimba amachikometsera ngati kunali angelo. Kunalibe angelo. Kunali ife, anthu anjala.

Inali nthawi ya Chitaganya, m'zaka za m'ma fifite, chaka chimene Lenti yathu inakumana ndi Ramazani ya Asilamu. Mudzi wathu uli pakati pa Mua ndi Mtakataka, kumunsi kwa njanji, pamene phiri lathera ndipo chigwa chayamba. Dzina langa la ubatizo ndi Veronika, koma aliyense amati Anangozo. Amuna anga anali atamwalira kale. Mwana wanga wamwamuna, Petulo, anali ndi banja lake m'mudzi momwemo, kutsidya kwa khwawa.

Novembala

Chaka chapitacho mvula inadula msanga, ndiye dzinja linatipeza nkhokwe zili kale m'mawondo. Mvula yoyamba itagwa tinabzala, akapitawo a zaulimi ali pambuyo pathu ndi ndodo zawo zoyezera mizere, kukuwa ngati minda ndi ya amalume awo.

Pa mpingo wathu tinali ndi mwambo. Pokolola, banja lililonse lachikhristu linkapereka dengu la chimanga, n'kuthira m'nkhokwe imodzi imene tinkaitcha nkhokwe ya amasiye. Inkatsegulidwa njala ikafika, ndipo olandira anali amasiye, odwala ndi nkhalamba zopanda wozilimira. Munthu wamphamvu zake, wa manja awiri, ayi. Nkhokweyo anaimanga pakhomo panga, ndipo a Matiyasi, mkulu wa mpingo, ananena poyera chifukwa chake.

"Tiike kwa Anangozo. Amenewa ngakhale ansembe atabwera kudzatapa, awafunsa kuti wakutumani ndani."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke, poti zinali zoona.

Loko ndinalibe, galu ndinalibe. Ndinali ndi tsache. Dzuwa likapendeka ndinkasesa mchenga kuzungulira nkhokwe, ndikuyenda chafutambuyo, n'kusiya timizere tokhota tonga mamba a nsomba, tonse topita mbali imodzi. M'mawa ndisanasukusule ndinkapita kukawerenga. Apa padutsa khoswe, apa buluzi, apa nkhuku ya a Matiyasi yomwe. Mchenga sunandinamizepo.

Disembala

Chimanga chinamera bwino, moti anthu anayamba kulankhula ngati akolola kale. Ine ndinkayang'ana kuphiri. Mitambo inkaunjikana pamenepo osachoka, ndipo sindinaikonde.

Mwezi umenewu Abiti Saidi ankabwera kawirikawiri. Anali mayi wachisilamu wa kunyanja, mkazi wa msodzi wina, Che Bwanali, ndipo kwa zaka zambiri ankandibweretsera usipa wouma kudzasinthana ndi chinangwa. Sitinali pa chinzake. Ndinkakhuthula dengu lawo lonse pamphasa kuti ndione zapansi, iwo atakhala poteropo akuseka.

"Fufuzani bwino, Anangozo, mwina ndabisamo ng'ona."

"Ng'ona ndidya. Ndikufuna mchenga umene mumathira kuti dengu lilemere."

"Walahi, mayi inu! Mukadzafika kumwamba mudzayamba mwagwedeza chitseko kuona ngati n'cholimba."

Mchenga sindinaupezemo ndi tsiku limodzi lomwe. Koma kukhuthula sindinaleke.

Januwale

Mvula inagwa kuphiri masiku otsatizana, kuno kukungowaza. Kenaka mtsinje unatsika wofiira, utasenza mitengo, nthochi ndi mbuzi zotupa. Unasiya njira yake n'kulowa m'minda. Chimanga chimene chinali m'chiuno chinagona pansi pa matope, chinangwa chinaolera m'nthaka. Kumunsi, chakunyanja ndi kudambo la Bwanje, madzi anakumana ndi madzi anzake, nyumba n'kusungunuka ngati mchere.

Anthu a kumunsi anakwera kuno atasenza mphasa. Amene anali ndi abale anapita kwa abale. Abiti Saidi ndi Che Bwanali abale awo onse anali m'madzi momwemo. Ndinawaona akuyenda khomo ndi khomo, mayi atasenza mphika, bambo ukonde, kamdzukulu kawo kakakazi kali kumsana. Paliponse yankho linali limodzi: pepani, malo achepa. Malo sanachepe. Anthu ankaopa pakamwa powonjezera.

Atafika kwa ine, Abiti sanapemphe. Anangoti, "Odi, Anangozo. Lero dengu lilibe kanthu. Khuthulani ifeyo."

Ndisaname, sindinawalandire chifukwa chowakonda. Ine ndinabatizidwa ndili wamkulu, nditayenda zaka za kalasi ku Mua ndi mapazi angawa, ndipo ndikudziwa chimene ndinavomera. Anatiphunzitsa kuti tsiku lomaliza tidzafunsidwa za mlendo amene anaima pakhomo. Sanati mlendo wa kolona m'khosi. Ndinawapatsa nyumba yophikira, ine n'kumaphikira pakhonde. Koma powalowetsa ndinawadutsitsa pamatope ofewa, ndipo atalowa ndinawerama n'kuyang'anitsitsa mapazi awo mpaka kuwasunga pamtima.

Petulo anabwera akuthamanga. "Amayi, mwaika anthu achilendo pafupi ndi nkhokwe ya mpingo?"

"Pafupi ndi maso anga," ndinatero.

Febuluwale

Madzi ataphwa m'minda ya kumtunda tinabzalanso, mbewu yopemphapempha, tikudziwa kuti chimanga chimenecho adzadye ndi amene afike Meyi ali moyo. Pamsika wa Golomoti nkhuku yaikulu inkagula kambale ka chimanga. Mwezi usanathe kambale komweko kankafuna nkhuku ndi mpango wakumutu. Madeya amene tinkapatsa nkhumba anayamba kuyezedwa ndi kapu. Mphekesera ndiye zinayanga kuposa maungu. Ena ankati sitima ikubwera ndi chimanga cha boma, anthu n'kukatandala pa siteshoni ya Mtakataka, sitima n'kudutsa osatsegula chitseko. Ena ankati chimanga chonse a Chitaganya anatumiza ku Halale. Mabanja ena anakwera phiri kukapalira minda ya eni. Ena anagulitsa makasu awo, ndipo amenewo sindinawamvetse mpaka lero.

Nkhumba yanga ndinaigulitsa kwa anthu a kuphiri. Abiti anandithokoza, poti khola linali pafupi ndi pamene ankachitira swala, mapemphero awo aja. Ndinawauza kuti asadzinamize, ndagulitsa chifukwa cha njala.

"Eya," anatero, "njala yake yaulemu."

Che Bwanali sanali munthu wolankhula. Bwato lawo linapita ndi madzi, ndiye anadula bango n'kuluka miono, n'kukaitchera m'zithaphwi zimene madzi anasiya m'minda mwathu. Milamba inali itatsekeredwa mmenemo. Nsomba yoyamba ankaiika pa lichero langa. Zotsala ankagawira aliyense wobwera, ngakhale aja a "malo achepa." Ankadya ndithu, kwinaku akunong'ona kuti Mchawa sapereka chaulere.

Nkhokwe ya amasiye tinaitsegula mwezi umenewu. Loweruka lililonse wolandira ankabwera ndi nsengwa yake, a Matiyasi ataima pambali, ine ndili pa makwerero. Alendo anga sanalandire, ndipo sanapemphe. Pakhomo pathu tinkadya madeya osakaniza ndi nyika, timizu takuda ta m'madzi timene Abiti ankadziwa kukumba ndi zala zakumapazi.

Loweruka lina, anthu atabalalika, Petulo anatsalira.

"Amayi, ana akugonera madzi. Sofiya miyendo yayamba kutupa. Nsengwa imodzi yokha, palibe adziwe."

"Ine ndidziwa."

"Si mdzukulu wanu?"

"Ndi mdzukulu wanga. Koma chimangachi si changa."

Ndinamupatsa madeya anga a tsiku limenelo ndi mlamba. Anatenga osathokoza.

Malichi

M'mawa wina ndinapeza mchenga uli wosesedwa bwinobwino, wopanda phazi la munthu, wopanda phazi la khoswe. Chimenecho ndicho chinandiimitsa. Kuchokera dzulo osadutsapo ngakhale buluzi? Nditawerama ndinaona kuti mizere si yanga. Ndinakwera makwerero n'kusuzumira. Chimanga chinali chitatsika.

Oyamba kuwaganizira anali Abiti. Kusesa ndi ntchito ya akazi, ndipo ankadziwa pamene tsache langa limakhala. Ndinadandaula msana, n'kuwapatsa tsache kuti andisesere pabwalo. Anasesa atawerama, timizere tating'ono, topita kumene tanga timapita. Mawa lake ndinapatsa Che Bwanali, ndikuti nkhuku zaipitsa pamene amayala mkeka wawo. Anasesa ngati akupalasa bwato, koma nawonso ndi dzanja lamanja. Wakuba uja mizere yake inali yaitali, yokanda pansi, ya munthu wosesa chiimire, ndipo inkakhotera mbali inayo. Anali mwamuna, ndipo anali wamanzere.

M'mudzi mwathu mwamuna wamanzere anali mmodzi. Ndinamukwapula ndi mthiko ali mwana kuti azidya ndi dzanja labwino, osatheka.

Ndinatenga mtanga waukulu n'kuvundikira pamene mizereyo inkaoneka bwino, kunsi kwa tsindwi la nkhokwe kumene mvula sifika, pamwamba n'kuikapo mwala. Kenaka ndinamutsatira kumunda.

"Petulo, bweza."

Sanakane. "Ndibweze chiyani, amayi? Chili m'mimba mwa Sofiya."

"Ubweza pokolola. Koma ukawauza a Matiyasi wekha, ndi pakamwa pako."

Anati wamva. Ine kwa a Matiyasi ndinanena zimene wosunga ayenera kunena: kuti chimanga chatsika, ndipo wotapayo abwera yekha. Sanabwere. Mawu anga aja anayamba kuyenda m'mudzi opanda mwini, akufuna mutu woti agwerepo.

Epulo

Mwezi utaoneka, alendo anga anayamba kufunga. Masana osadya, osamwa. Ankaphika kusanache, chakudya chimene amachitcha daku, ndipo utsi unkaoneka pamwamba pa nyumba yanga yophikira anthu popita kumunda.

Aliyense m'chigwa chino amadziwa za Ramazani. Ife tomwe tinali mu Lenti, ngakhale kusala kwa chaka chimenecho kunali koseketsa, poti panalibe choti n'kusala. Koma njala imaiwalitsa munthu zimene akudziwa. Kuchitsime kunayamba nkhani. Amaphika mobisa. Masana amakana chakudya poti akhuta cha amasiye. Ine ndinkadziwa zimene zinali mumphika wa daku, chifukwa m'mawa uliwonse ndinkaupala ndi chala n'kulawa. Nyika ndi madeya. Ndinanena zimenezi kuchitsime, anati andidyetsa mankhwala.

A Matiyasi anabwera kudzandiuza kuti akhristu agwirizana: Lamulungu la Kanjedza, tikabwera ku Misa, alendo achoke. Kumunsi madzi anali asanaphwe, udzudzu uli ngati utsi, ndipo kamdzukulu kawo kaja kanali ndi malungo. Kuwauza kuti achoke kunali kuwauza kuti akakaike m'manda.

Loweruka ndinawoloka khwawa kupita kwa mwana wanga.

"Mawa uyankhula, Petulo."

"Amayi, mukufuna kundivula pamaso pa anthu chifukwa cha Achawa? Akapita nkhani yatha. Ndidzabweza mwakachetechete."

"Apite ndi dzina la akuba pamutu, iwe n'kukalandira Ukaristia pa Pasaka ndi pakamwa pomwepo?"

"Munandibala ndinu."

"N'chifukwa chake ndabwera kuno kaye."

Lamulungu tinabwerera kuchokera ku Mua tikugwedezeka ndi njala, kanjedza ali m'manja, ndipo anthu anakhamukira pakhomo panga. Che Bwanali anali atamanga kale ukonde wawo. Abiti anali atabereka mwana, mphika pamutu, monga anabwerera.

"Sitikuthamangitsa munthu ife," anatero a Matiyasi. "Tikungoti chibwerereni alendowa, nkhokwe yadwala. Apite mwamtendere."

"Afotokoze za utsi wa m'bandakucha uja!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

Che Bwanali anangoti, "Mulungu akuona."

"Mulungu akuona, inenso ndimaona," ndinatero. Ndinayang'ana Petulo. Anali atakhala kumapeto kwa amuna, akuluka kamtanda ndi kanjedza wake, maso pansi. Ndinadikira. Sanadzuke.

Ndinagubuduza mwala uja n'kuchotsa mtanga. Ndinawaonetsa mizere yanga, n'kuwaonetsa ya wakuba, mmene inakhotera mbali inayo. Kenaka ndinatenga tsache n'kupatsa Abiti. Anasesa. Ndinapatsa Che Bwanali. Anasesa. Anthu anawerama n'kuona okha kuti sizikufanana. Ndinapatsa a Matiyasi.

"Inenso, Anangozo?"

"Inunso. Munandisankha nokha."

Anthu anaseka, a Matiyasi n'kusesa, tsache n'kumayenda m'manja mwa amuna mmodzimmodzi, anyamata akunyozana kasesedwe. Nditafika kumapeto kuseka kunali kutatha, poti ena anali atakumbukira. Ndinaima pamaso pa mwana wanga n'kumutambasulira tsache. Dzanja limene linanyamuka lokha linali lamanzere. Analiyang'ana, n'kulibweza pa bondo.

"Ndine," anatero. "Sofiya ankafa."

Kenaka pakamwa pomwe paja panatembenukira kwa iye. Achotsedwe mu mpingo! Mwana wa wosunga yemwe!

"Khalani chete, inu a kanjedza m'manja," ndinatero. "Uyu waba chimanga, ndipo abweza. Inu mumafuna kutaya anthu osalakwa m'madzi, ndi mwana wodwala kumsana. Mubweza chiyani? Yambani ndinu."

A Matiyasi ndimawatamanda mpaka lero. Anavula chipewa, n'kugwada pamchenga pomwepo pamaso pa Che Bwanali. Ena anatsatira, ena anazemba chakuseri kwa nkhokwe, ndipo amenewo mayina awo ndikuwasungabe.

Che Bwanali anamasula ukonde pang'onopang'ono, n'kulankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamvapo. "Bwato langa laoneka m'bango, anandiuza dzana. Ndikusowa wopalasa kumanzere. Amanja ndi ambiri, onse amafuna mbali imodzi, bwato n'kumangozungulira. Ndipatseni uyu. Nsomba zake tikasinthe ndi chimanga kuphiri, abweze cha amasiye."

Abiti anatula mphika. "Ine ndifunse, poti ndine mlendo. Mwana wotupa miyendo, bambo ake ali ndi manja awiri, m'nkhokwe yanuyi alibe gawo?"

Lamulo lija tinapanga tokha, m'chaka chokhuta, ndipo ine ndinalisunga monga anandipatsira. Tsiku lomwelo tinagwirizana kuti theka la chimanga chotsala lisinjidwe, likhale phala la ana, mwana aliyense wa m'mudzi: wa mkhristu, wa Msilamu, wa anthu a gule.

Wophika phalalo anali Abiti, masana dzuwa lili pamutu, ali pa kufunga. Ankatakasa mphika waukulu utsi uli m'maso, milomo itauma gwa, osalawa ngakhale kadontho. Wolawa ndinali ine.

"Mchere bwanji, Anangozo?"

"Wachepa."

"Mukunama, mukufuna kulawanso."

Sofiya ankakhala pa mzere pafupi ndi kamdzukulu kawo, ndipo miyendo yake inaphwa ndikuona.

Pa Pasaka ndinagwira nkhuku yanga yomaliza n'kupatsa Che Bwanali kuti aizinge mwa mwambo wawo, kuti tonse tidye. Tinadikira mpaka dzuwa litalowa, nthawi yawo yomasula. Pasaka yochedwa choncho sindinaidyeponso, ndipo yokoma choncho sindinaidyeponso.

Meyi

Chimanga chachiwiri chinacha, m'mudzi n'kumvekanso fungo la chowotcha. Petulo ankapita kunyanja ndi Che Bwanali, n'kumakwera phiri atasenza utaka wouma, n'kutsika ndi chimanga. Koma pakhomo panga sankadutsa. Ankazungulira njira ya kumanda. Tikakumana kutchalitchi ankayang'ana denga. Zinkandipweteka, koma sindinamutsatire.

Kumunsi kutauma, alendo anga anamanga katundu. Abiti anaima pamene ndinawadutsitsa tsiku loyamba lija.

"Anangozo, mumayesa sindinkadziwa? Matope aja, tsache lija, chala chanu mumphika mwanga m'mawa uliwonse?"

"Ndiye bwanji simunakwiye?"

"Ndinkaponda mwamphamvu dala kuti muone bwino. Ndinadziwa kuti tsiku lina mudzafunsidwa, ndipo inu simunena chimene simunaone."

Atapita ndinalowa m'nyumba yophikira kukaona ngati zipande zanga zonse zilipo. Zinalipo. Panalinso mono watsopano, ataupachika pakhoma.

Juni

Zokolola zinali zochepa, zitsononkho zazifupi ngati chala, koma zinali zokolola. Tsiku lothira m'nkhokwe ya amasiye akhristu anabwera ndi madengu awo monga mwa mwambo. Tili mkati, panjira ya kunyanja panatulukira amayi achisilamu atasenza mpunga, Abiti ali patsogolo. Anati ndi sadaka yawo, ya amasiye a kuno. A Matiyasi anandiyang'ana, osadziwa ngati nkhokwe ya mpingo imalandira zotere. Ine ndinayala mphasa n'kukhuthula dengu loyamba kuti ndione zapansi. Abiti anaseka mpaka anakhala pansi.

Womaliza kufika anali Petulo. Anakwera makwerero n'kuthira dengu la banja lake. Anatsika, n'kukatenga lina, la kubweza, lodzaza mpaka kutayikira. Atatsika kachiwiri anabwera pamene ndinaima.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera, kaya iwe, bambo a Sofiya."

Anatenga tsache m'manja mwanga. Masanasana, mudzi wonse ukuona, anasesa kuzungulira nkhokwe ndi dzanja lake lamanzere lija, chiimire, mizere yaitali yokanda pansi, yonse yokhotera mbali yolakwika. Kasesedwe koipa zedi.

Tsiku limenelo sindinabwerezemo. Ndinausiya mchenga choncho mpaka kunacha.